Mwana Akapempha Kupita Kuphiri ndi Kalabu ya pa Sukulu

Mvula ikatha ndipo udzu wayamba kuuma, ana ambiri a m'makomboni a Chipata monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika amabwera kunyumba ndi kakalata kocokera kwa aphunzitsi. Kakalatako kamapempha cilolezo cakuti mwana apite ndi anzake a m'kalabu yosamalira cilengedwe kukakwera phiri, kapena kukaona nyama ku Malambo. Makolo ena amasaina osawerenga n'komwe. Ena amakana pomwepo, ati kuthengo kuli njoka ndipo mwana wa m'tauni alibe cocita kumeneko. Onsewa amalakwitsa pang'ono. Maulendo amenewa ndi abwino ku thupi la mwana, ndipo zoopsa zake n'zodziwika. Zambiri zimapewedwa ndi zinthu zimene ziri kale m'nyumba.

Makalabu amenewa sanayambe lero. Bungwe la Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1953, ndilo linayambitsa makalabu a Chongololo m'masukulu a pulaimale mu 1972. Dzinali ndi la kacirombo ka miyendo yambiri kaja, bongololo. Ku sekondale kuli makalabu a ana okulirapo, ndipo makolo ambiri a lero anakula akumvera pulogalamu ya Chongololo Club of the Air pa wailesi. Ku Mfuwe kulinso bungwe la Chipembele Wildlife Education Trust limene limagwira nchito ndi makalabu a m'masukulu a m'cigwa ca Luangwa.

Ana a m'makalabu amayenda m'thengo ndi mphunzitsi wao kuphunzira maina a mitengo ndi mbalame, ndi kuzindikira mapazi a nyama. Amafesa mbeu za mitengo pa nazale ya sukulu, amatola zinyalala, ndipo amalambula njira zochinga moto wa lupsa.

MITENGO YA KUPHIRI NDI MADZI A MU KOMBONI

Wina angafunse kuti nkhani ya mitengo yabwera bwanji pa tsamba la za umoyo. Chipata ndi mzinda wozingidwa ndi mapiri. Phiri likakhala ndi mitengo ndi udzu, madzi a mvula amalowa pansi pang'ono-pang'ono. Likametedwa mpala, madzi amatsika ndi liwiro atanyamula dothi, natseka ngalande, nadzaza zimbudzi zokumba, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zimakathera m'zitsime zosaya zimene mabanja amatungamo. Umo ndi mmene kutsegula m'mimba, taifodi ndi kolera zimayendera. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko lino, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka Febuluwale 2024. Dothi lokokolokalo limadzazanso mitsinje ndi madamu, monga a Lutembwe amene amapatsa madzi mzinda.

Conco mwana amene akubzala mtengo m'mbali mwa phiri akugwira nchito ya za umoyo, ngakhale iye sadziwa. Koma kubzala kokha sikokwanira. Caka ndi caka, nyengo yobzala mitengo ikafika m'mwezi wa Disembala, anthu amasonkhana, amajambulitsa, amamwazikana, ndipo pofika Juni mbuzi zatha timitengo tonse. Kalabu yabwino imadziwika ndi mitengo imene yapulumuka cilimwe coyamba, yochingidwa ndi minga ndi kuthiriridwa. Palibenso cifukwa cakuti ana azinyoza amai ao cifukwa ca mbaula. Magetsi akamathima tsiku lonse monga zinaliri mu 2024, banja liyenera kudya, ndipo malasha ndiwo alipo. Cimene ana angabweretse kunyumba ndi nzeru yocepetsa malasha: kubvundikira poto, kubviika nyemba usiku, ndi kuzima makala otsala m'malo mowasiya apsere pacabe.

CIMENE KUKWERA PHIRI KUMACITA M'THUPI

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mwana wa zaka 5 kufika 17 azicita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 tsiku lirilonse, ndipo wamkulu mphindi zosacepera 150 pa mlungu. Mwana wa kumudzi amakwanitsa izi osaganizako, poweta ng'ombe ndi potunga madzi. Wa mu komboni masiku ano amatha tsiku ali pa TV kapena pa foni. Poyenda pokwera, mtima umapopa mwamphamvu, mapapo amatseguka, minofu ya miyendo imatentha shuga wa m'magazi, ndipo mafupa a mwana amene akukula amalimba. Usiku amagona tulo tabwino.

Akulu ndiwo afunika kuyendaku koposa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu m'Zambia ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri a iwo sadziwa cifukwa matendawa sapweteka. Kuyenda mofulumirako masiku asanu pa mlungu kumathandiza kutsitsa BP ndi shuga, ngakhale kuti sikulowa m'malo mwa mankhwala. Phiri la Kanjala liri pafupi, ndipo kholo limene laperekeza kalabu Loweruka m'mawa limapindula kuposa ana. Wamkulu amene sanayendepo mtunda kwa zaka ayambe pa malo osalala, ndipo apimitse BP ku kiliniki asanayese phiri. Ikapezeka pa 180/110 kapena kuposapo, phiri liyembekeze mpaka itatsika. Akamva kupweteka pa cifuwa, cizungulire, kapena kubanika kolephera kulankhula, aime ndi kupita kucipatala tsiku lomwelo.

Pali ana ena amene aphunzitsi ayenera kuuzidwa za iwo ulendo usanayambe, ndipo makolo asacite nazo manyazi. Mwana wa mphumu anyamule kopopera kake m'thumba lake, osati m'cikwama ca munthu wina amene ali kutsogolo. Wa khunyu amwe mankhwala ake, ndipo asayende yekha m'mbali mwa phompho kapena mwa madzi. Wa siko selo amabvutika msanga madzi akacepa m'thupi, motero ayende pang'ono, apumule kawiri-kawiri, amwe madzi kuposa anzake. Wa shuga adye asananyamuke ndi kunyamula maswiti angapo.

Ngozi imene imagwetsa ana ambiri pa maulendo otere ndi dzuwa ndi ludzu. Mwana aliyense anyamule madzi osacepera malita awiri, owiritsa kapena othira klorini, ndi cisote. Gulu linyamuke m'mamawa kuti dzuwa likafika pa liwombo likhale litatsika kale. Mwana akayamba kudandaula mutu, kufooka ndi nseru, amuike pamthunzi, amumasule zobvala, amunyowetse thupi, ndi kumupatsa madzi a ORS pang'ono-pang'ono. Ngati paketi palibe, asungunule masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la kasupuni ka mcere mu lita imodzi ya madzi oyera. Akayamba kubwebweta kapena kukomoka, ameneyo ndi wa kucipatala mosacedwa.

NJOKA

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi a gulu. Mphiri ndiyo yosiyana: imagona duu m'njira kapena m'masamba ouma, ndipo imaluma munthu akaiponda. N'cifukwa cake mwana asapite ndi mapatapata. Nsapato zotseka, masokosi ndi buluku lalitali zimachinga zambiri. Ana ayende pa mzere, asapise dzanja m'mauna, m'ziulu kapena pansi pa miyala, ndipo asalumphe cipika osaona tsidya lake.

Munthu akalumidwa, zimene anzake amacita m'mphindi zoyamba ndizo kawiri-kawiri zimaononga mwendo. Kumanga mpira kapena cingwe zolimba pamwamba pa bala kumaimitsa magazi, ndipo pa ululu wa mphiri, umene umatupitsa ndi kuoletsa mnofu, kumangako kungacititse kuti mwendo udulidwe. Kutema mphini pa bala kumangoonjeza kutaya magazi ndi kulowetsa tizirombo. Kuyamwa ndi pakamwa sikucotsa ululu, ndipo kamwala kakuda kaja kamene ena amagulitsa sikathandiza. Coyenera ndi ici: amucotse pamene pali njoka, amukhazike mtima pansi, amubvule mphete, zibangiri ndi nsapato mwendo usanatupe, amange mwendowo ku kamtengo monga amacitira ndi fupa lothyoka kuti usagwedezeke, ndipo amunyamule. Asayende yekha. Alembe nthawi imene walumidwa ndi kuthamangira kucipatala kumene angalandire mankhwala opha ululu. Palibe cifukwa cosakira njokayo kuti aiphe. Potero pamalumidwa munthu waciwiri. Ngati njoka yamulabvulira m'maso, awatsuke ndi madzi ambiri kwa mphindi zosacepera 15, osatikita, napite naye kucipatala.

Citedze ndico cimaliza ana ambiri kuposa njoka. Ubweya wake umamatira pa khungu, ndipo kukanda kumaulowetsa mkati. Mwana abvule malaya amene akhudza, asambe ndi madzi ndi sopo, kuyabwa kudzatha kokha. Mphunzitsi wanzeru amaonetsa ana citedze pa ulendo woyamba. Za zipatso lamulo ndi limodzi: masuku, masau ndi malambe n'zabwino, koma cipatso kapena bowa zimene wamkulu sazidziwa bwino zisalowe m'kamwa.

ULENDO WA KU CIGWA

Ulendo waukulu wa kalabu umakhala wopita ku South Luangwa National Park, makilomita oposa 100 kucokera ku Chipata. Kumeneko ndi kumene Norman Carr anachukitsira maulendo oona nyama oyenda pansi, atayamba kugwirizana ndi Mfumu Nsefu mu 1950. M'paki munthu sayenda pansi popanda sikauti wa mfuti, ndipo mau a sikauti ndiwo lamulo. Cigwa n'cotentha kwambiri kuposa Chipata. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Gulu likagona kumeneko, mwana aliyense akhale ndi neti yake yochinga udzudzu, ndipo mbaula isalowe m'tenti kapena m'cipinda cotseka, cifukwa mpweya wa malasha umapha munthu ali m'tulo.

Ana asasambe kapena kusewera m'mtsinje ndi m'madambo. Kuonjezera pa ng'ona ndi mvuu, m'madzi oima muli nkhono zimene zimasunga tizirombo ta likodzo, ndipo timalowa pa khungu la munthu ngakhale alibe bala. Asakhudzenso nyama yofa yokha, ngakhale cikopa kapena fupa lake. Mu 2011 anthu oposa 500 m'boma la Chama anadwala anthrax atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zimene zinafa mu Luangwa.

Cimene makolo ambiri a m'tauni sadziwa ndi kashembe, nchenche ya m'thengo imene azungu amati tsetse. Imaluma masana, mopweteka, ndipo imaboola nsalu yopyapyala. Imakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, komanso galimoto imene ikuyenda. Tsoka ilo, mayunifomu ambiri a sukulu ndi a buluu. Mwana abvale malaya a manja aatali a khaki kapena otuwa, a nsalu yokhuthala, ndipo mazenera a basi atsekedwe podutsa m'nkhalango zowirira. Akashembe ambiri alibe matenda, ndipo kulumidwa kambiri kumangotupa n'kutha. Koma owerengeka amanyamula kacirombo ka kaodzera, ndipo mtundu wa kaodzera wa m'cigwa ca Luangwa ndi wofulumira. Popanda mankhwala umafika ku bongo m'milungu yocepa ndi kupha m'miyezi yocepa.

Bvuto lake ndi lakuti umayamba ngati malungo. Pakapita mlungu umodzi kufika itatu, mwana amatentha thupi, amamva mutu ndi kuphwanya m'mfundo. Nthawi zina pamene analumidwa pamatuluka cotupa cofiira, cowawa, conga cithupsa cosatulutsa mafinya. Kugona masana ndi kusokonezeka mutu zimabwera pambuyo, matenda atapita kale patali. Kholo likangogula mankhwala a malungo pa kantemba, masiku ofunika amatayika. Matendawa amapezeka poyang'ana magazi pa maikulosikopu, ndipo amacira akapezeka msanga, koma wa ku labu amawafuna bwino akauzidwa kuti awafune.

Conco mwana akatentha thupi m'mwezi umene wabwera ku ulendo, apite ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo kholo linene momveka kuti mwanayu anali ku Luangwa pa tsiku lakuti, ndiponso kuti analumidwa ndi kashembe kapena nkhupakupa. Ngati kupima malungo kwaonetsa kuti alibe, kapena wamwa mankhwala a malungo masiku atatu osasintha, abwerere ndi kubwerezanso mau omwewo. Likodzo limacedwa kuonekera. Magazi m'mkodzo angabwere patapita miyezi iwiri kapena itatu, ulendo utaiwalika kale. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena msinkhu wa mwana.