Mwala suvuta, chovuta ndi mawu olembapo

Ndikauza anthu kuti ntchito yanga ndi ya zipilala zachikumbutso, ambiri amaganiza kuti ndimasema miyala. Amalume anga mpaka anandifunsa ngati ndingawapezere simenti yotsika mtengo. Ayi ndithu, chida changa ndi cholembera basi. Ndimakhalira misonkhano, kumvetsera anthu akukokanakokana pa mawu ochepa oti alembedwe pamwala, malo oti mwalawo uime, ndi munthu woti adzauvundukule. Wosema amabwera kumapeto, fumbi litatsika.

Amene anamangapo chiliza kumudzi, theka la ntchitoyi amalidziwa kale. Pa chiliza cha agogo anga aamuna tinatha masiku awiri osagwirizana. Ana a kunyumba yaikulu ankafuna mayina awo okha, a kunyumba yaing'ono akuti nafenso ndi bambo athu. Agogowo anali chigonere, mkanganowo sunali wawo. Unali wa amoyo, aliyense kufuna kuti mwala umuchitire umboni kuti pakhomopo ndi pake.

Mkangano womwewu, mzinda wa Glasgow ku Scotland unakhala nawo zaka zambiri.

Chiyambi chake ndi mbatatesi, yomwe ija pamsika timangoti ayirishi. Mu 1845 chiwawu chinagwira mbewuyi ku Ireland, kumene amphawi mamiliyoni ankadalira iyo yokha monga ife tidalira chimanga. Njala inakhala mpaka cha m'ma 1852. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ena oposa 1 miliyoni anathawa pa zombo. Nthawi yonseyo dzikolo linkalamulidwa kuchokera ku London, ndipo zakudya zina zinkatulukabe kupita kunja anthu akufa. N'chifukwa chake zidzukulu zambiri za othawawo sizikonda liwu lachingerezi lonena za chilala chongogwa chokha. Zimakonda dzina la m'chinenero chawo, An Gorta Mór, kutanthauza njala yaikulu. Kwa munthu wa ntchito yanga, apa mlandu wayamba kale: dzina lenilenilo la tsokalo likuloza chala.

Ambiri mwa othawawo anakocheza ku Glasgow, ochuluka ali Akatolika, mumzinda wa Apulotesitanti. Sanalandiridwe ndi manja awiri. Mu 1923 mpingo wa Church of Scotland unatulutsa lipoti lonena kuti anthu a ku Ireland ndi chiopsezo ku mtundu wa Scotland, ndipo unadzapepesa mu 2002. Ngakhale mpira unabadwira m'bala lomweli. Timu ya Celtic inakhazikitsidwa mu 1887 mu holo ya tchalitchi cha St Mary's ku Calton, woyambitsa wake Brother Walfrid akufuna ndalama zodyetsera ana osauka a m'derali. Anyamata athu amene amaonera Celtic ndi Rangers pa kanema amangoona zigoli. Ku Glasgow masewerawa amanyamula chipembedzo, mbendera ndi mbiri ya makolo.

Onani zimene zinachitika ku Carfin, kamudzi ka ku Lanarkshire, chigawo chomwecho muli Blantyre kwawo kwa David Livingstone. Mu February 2001 nduna yaikulu ya Ireland, Bertie Ahern, amayenera kudzavundukula mtanda wokumbukira njalayo pamalo opempherera Akatolika. Tsikulo linagwa pamodzi ndi masewera a Celtic ndi Rangers. Phungu wa deralo, Frank Roy, anachenjeza kuti pangabuke zipolowe, ulendo n'kulephereka. Phokoso linakula, phunguyo n'kutula pansi udindo wina umene anali nawo m'boma, ndipo Ahern anadzabwera mu June. Mtanda unali woima kale, wosalakwira munthu. Chimene chinavuta ndi tsiku ndi mlendo. Amene ndimawaphunzitsa ntchitoyi ndimawauza kuti asanasankhe tsiku lovundukula, ayambe aona kalendala ya mpira.

Patapita zaka zochepa, ochemerera ena a Rangers anayamba kuimba nyimbo youza zidzukulu za othawa njala kuti zibwerere kwawo. Khoti la apilo linagamula mu 2009 kuti nyimboyo ndi ya tsankho. Tangoganizani: munthu wobadwira mumzindamo, agogo ake obadwira momwemo, akuuzidwa kuti ndi mlendo. Pamenepo pempho loti mzinda uimike chipilala chokumbukira njalayo limasiya kukhala la akufa okha.

Liverpool ndi Boston anali ndi zipilala zawo pofika 1998, New York mu 2002. Khonsolo ya Glasgow inavomera kumanga chake mu 2012, koma inasankha kuti chikumbutsocho chikhale cha anthu a ku Ireland pamodzi ndi a kumapiri a kumpoto kwa Scotland, amenenso chiwawu chinawakhaulitsa kuyambira 1846 ndipo ambiri anatsikira mumzindawu. Zifukwa zake zinali zomveka. Njala sinafunse mpingo wa munthu. Apulotesitanti a ku Ireland nawonso anafa ndi kuthawa. Ndiponso ndalama za khonsolo ndi za aliyense wokhoma msonkho. Mu 2018 anatsegula kamunda kachikumbutso ku Glasgow Green, pafupi ndi People's Palace, pomwe pali bwato lovundikira.

Gulu lina la zidzukulu za ku Ireland silinakhutire. Linati masoka awiriwa sanali ofanana kukula, pakuti kumapiriko anafa ochepa kwambiri poyerekeza ndi ku Ireland, ndipo kuwaphatikiza kunali kuthira madzi mu ndiwo kuti pasapezeke wodandaula. Linasonkha ndalama zake, n'kupempha wosema wa ku Donegal, John McCarron, ndipo mu July 2021 chipilala chotchedwa Tower of Silence chinavundukulidwa pabwalo la St Mary's, pomwe paja panabadwira Celtic.

Anzanga ena pantchito amati zipilala ziwirizi ndi manyazi a mzinda. Ine sindikuona choncho, ngakhale mtima wanga suli mbali imodzi kwathunthu. Khonsolo sinalakwe kukumbukira a kumapiri. Koma ndakhalapo m'makomiti okwanira kudziwa mmene mantha amalembera. Munthu amakweza dzanja n'kunena kuti liwu ili likwiyitsa ena, tilichotse. Wina akuti tisatchule amene ankalamula. Pofika madzulo mwatsala chiganizo chosalala chonena kuti anthu anavutika, ngati kuti kuvutikako kunangogwa ngati matalala. Palibe amene angachigende, komanso palibe amene angalire pamaso pake. Eni maliro akaona kuti chiliza sichikunena za m'bale wawo, amakamanga chawo, ndipo sindingawadzudzule.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chachiwiricho chaima pabwalo la tchalitchi. Kumeneko n'kotetezeka, eni ake ali ndi ufulu wolemba zimene akufuna. Koma mwana wa m'banja lochemerera Rangers, amene mwina agogo ake anakwera chombo chomwecho mu 1847, sangangolowa pamenepo tsiku wamba. Mbiri imene inayenera kukhala ya pamsewu yabwerera kumpanda wa mpingo umodzi, ndipo amene ankati njalayo ndi nkhani ya Akatolika okha apeza poyambira.

Akanandifunsa ine, ndikanati chipilala cha An Gorta Mór chiime pabwalo la mzinda, ndi dzina lake lenileni, mawu ake atchule njala, ulamuliro wa nthawiyo ndi tsankho limene othawawo anakumana nalo, atchulenso poyera kuti akufawo anali a mipingo yonse. A kumapiri akhale ndi chawo, chonena nkhani yawo ya kuchotsedwa m'minda ndi eni malo. Zikanadula ndalama zambiri ndi misonkhano yowawa kwambiri.

Kuchoka ku Glasgow Green kukafika ku St Mary's ndi ulendo waufupi wapansi. Inu amene muli ku Scotland, kapena mudzapiteko, kaoneni zonse ziwiri tsiku limodzi, ndipo musathamangire kujambula. Yambani mwawerenga mawu.