Chule wa m'thanki amafuna mthunzi, osati dzuwa

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Neno, achule amadzaza pabwalo usiku, ndipo ena a ife timatolako mmodzi n'kumusunga m'kathanki kagalasi pophunzira sayansi ya zamoyo. Pofuna kumuchitira chifundo, timaika kathankiko pawindo kuti aothere dzuwa. Chifundo chimenechi ndicho chimamupha.

Chule sali ngati ife kapena nkhuku. Thupi lake limatentha kapena kuzizira potengera malo amene ali. Komanso samwa madzi ndi pakamwa, amayamwa ndi khungu la kumimba. N'chifukwa chake dzuwa likaswa mtengo amabisala pansi pa mwala kapena kudzikwirira m'dothi lonyowa. M'thanki alibe kothawira. Galasi limalowetsa dzuwa koma kutentha sikutuluka msanga, monga zimachitikira m'galimoto yotseka mawindo masana, ndipo chuleyo amauma khungu n'kufa.

Iye amakhala bwino pa madigiri 20 mpaka 25. Vuto lake n'lakuti boma lathu lili ndi nyengo ziwiri. Ku Lisungwi ndi ku Zalewa, mu Okutobala ndi Novembala, kumatentha kuposa madigiri 30. Kumeneko thanki iikidwe pansi pa simenti, m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi malata. Dothi la mkatimo tiziliwaza madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo chivundikiro chikhale cha sefa kuti mpweya uzilowa. Kumapiri, monga ku Matandani ndi kwa Dambe, mu Juni ndi Julaye kumazizira, ndipo chule amalowa m'dothi n'kuchepetsa kudya. Sikuti wadwala. Tisamuyandikize ku mbaula kapena kumuyatsira babu. Dothi lakuya masentimita 10 lomwe angadzikwiriremo n'lokwanira.

Nanga kuwala? Chule ndi nyama yausiku. Kuwala kwa m'chipinda masana kumamukwanira, bola mkatimo mukhale phale kapena khungwa loti abisalemo. Amafunika mdima wa maola pafupifupi 12, chifukwa ndi nthawi imene amatuluka kukasaka chiswe, ngumbi ndi nyongolotsi. Ife amene timachezera kuwerenga mayeso akayandikira, tiziphimba mbali za thankiyo ndi nsalu yakuda tisanayatse magetsi.

Madzi akhale m'kambale kosazama, ndipo akhale amvula kapena apachitsime. Othira klorini amamupweteka, poti chilichonse chimalowa ndi pakhungu. Tikamugwira tisambe m'manja, chifukwa zotupa zimene zili kuseri kwa maso ake zimatulutsa poizoni yemwe amawawa m'maso ndi m'kamwa.

Akuluakulu amati chule anadabwa m'madzi muli mwake. Wathuyu tisamudabwitse nthawi yaitali m'nyumba yagalasi. Tikamaliza kuphunzira, patatha sabata imodzi kapena ziwiri, timubweze madzulo pamalo pomwe tinamutola, akapitirize kutidyera tizilombo m'dimba.