Funsani za Msonkho Katundu Asananyamuke

Masiku ano si chachilendo kumva kuti mphunzitsi wa ku Mzimba kapena kalaliki wa ku ofesi ya boma ku Nsanje waitanitsa katundu kuchokera ku Japan, ku China, ku Dubai kapena ku Britain ali khale pampando, pogwiritsa ntchito foni ya m'manja. Ichi n'chitukuko ndithu, ndipo palibe wochidandaula. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri mwa abale athuwa amawerengera mtengo wolembedwa pansi pa chithunzi wokha, nkuiwala kuti katundu aliyense wolowa m'dziko muno ayenera kuima pa chipata. Zotsatira zake n'zakuti munthu amene wasunga ndalama zaka ziwiri kapena zitatu amapezeka atagwira njakata pa Songwe kapena pa Mwanza, galimoto lake akuliona ndi maso koma osatha kulitulutsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Tiyambe takumbutsana kuti msonkho wa pa chipata uli ndi mbiri yake. M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, nkhani za kasitomu zidali m'manja mwa boma la chitaganya lomwe likulu lake lidali ku Salisbury. Chitaganyacho chitatha, dziko lino lidayamba kudzisamalira lokha pa zipata zake, chimene chili chimodzi mwa zizindikiro za fuko lodzilamulira. Kwa zaka zambiri ntchitoyi idali m'manja mwa nthambi ya Customs and Excise, kufikira m'chaka cha 2000 pamene bungwe la Malawi Revenue Authority, lomwe timangoti MRA, lidayamba kugwira ntchito litaphatikiza nthambiyo ndi ija yotolera msonkho wa pa malipiro. Ndalama zotoleredwa pa zipata zimalowa m'thumba limodzi lomwe limalipira aphunzitsi, kugula mankhwala m'zipatala ndi kukonza misewu. Motero wogwira ntchito m'Boma akazemba msonkho, akuboola thumba lomwe malipiro ake omwe amachokera.

Nanga msonkhowo amauwerengera motani? Choyamba, akuluakulu a kasitomu sayang'ana mtengo wogulira wokha. Amaphatikiza mtengowo ndi ndalama zonyamulira katundu komanso za inshuwalansi, ndipo chiwerengero chimenechi ndicho chimatchedwa CIF. Chachiwiri, katundu aliyense ali ndi nambala yake m'buku la misonkho, potsata ndondomeko ya Harmonized System imene idayamba kugwira ntchito pa dziko lonse m'chaka cha 1988. Nambalayo ndiyo imanena kuchuluka kwa msonkho. Chachitatu, misonkho imasanjikizana: woyamba ndi msonkho wolowetsera katundu, pamwamba pake pamabwera wa excise pa katundu wina monga magalimoto, mowa ndi fodya, ndipo pomaliza pamabwera VAT, imene idalowa m'malo mwa surtax m'chaka cha 2005.

Tiyerekeze kuti mwagula chinthu cha K800,000, ndipo kunyamula pamodzi ndi inshuwalansi kwadya K200,000. Kwa a kasitomu, katundu wanuyo ndi wa K1,000,000. Ngati msonkho wolowetsera uli 25 pa 100 iliyonse, mulipira K250,000. Ngati palinso excise ya 10 pa 100 iliyonse, iwerengeredwa pa K1,250,000, kutanthauza K125,000 ina. Tsono VAT idzawerengeredwa pa K1,375,000, osati pa K800,000 imene mudaiona pa chithunzi paja. Apa sitidaikepo malipiro a wothandiza kutulutsa katundu, a malo osungira, kapena a ulendo wokafika nayo kwanu. Aphunzitsi a masamu angachite bwino kupereka chitsanzo chotere kwa ana a m'makalasi apamwamba, pakuti ndi masamu amene adzakumana nawo m'moyo.

Pali chinthu chinanso chimene chimapweteka ambiri. Katundu wakunja amagulidwa ndi ndalama zakunja, koma msonkho umalipiridwa m'makwacha, potsata mphamvu ya kwacha pa nthawi imene katunduyo akulembetsedwa pa chipata. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse, dola imodzi ya ku America nkuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene katundu wawo adali panyanja pa nthawiyo adapeza kuti msonkho wakwera sitima isanakocheze. N'chifukwa chake munthu wanzeru amasiya ndalama zapadera zoposa zimene wawerengera.

Tisaiwalenso kuti dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Katundu wathu amatsikira ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kenaka nkuyenda mtunda wautali kudzalowera pa Mwanza, pa Dedza, pa Muloza, pa Mchinji kapena pa Songwe. Achikulire akukumbukira bwino m'mene nkhondo ya ku Mozambique idatsekera njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu nkumazungulira ku Durban pa mtengo woboola m'thumba. Phunziro lake lidakalipo: tsiku lililonse limene katundu wakhala padoko kapena m'nyumba yosungiramo limaonjezera ngongole, ndipo katundu amene mwini wake walephera kumuombola pa nthawi yoikidwa ndi lamulo amatha kugulitsidwa pa okushoni.

Komabe si katundu yense amene amalipitsidwa mofanana. Dziko la Malawi lidali m'gulu la maiko oyamba kulowa m'pangano la malonda opanda msonkho la COMESA mu Okutobala 2000, ndipo lilinso m'pangano lotere la SADC limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2008. Katundu wopangidwa m'maiko a m'mapanganowa amatha kulowa pa msonkho wochepa kapena wopanda msonkho wolowetsera, malinga pakhale chikalata chotsimikiza kumene adapangidwira. Mawu ofunika apa ndi akuti "wopangidwa". Wailesi yopangidwa ku China siisanduka ya ku South Africa chifukwa chakuti mwaigula m'sitolo ya ku Johannesburg.

Akulu a sukulu nawo achenjere ndi mphatso. Abwenzi a kunja akalonjeza makompyuta kapena zipangizo za sayansi, mawu akuti "mphatso" olembedwa pa bokosi sachotsa msonkho paokha. Njira yabwino ndiyo kulembera a MRA kudzera ku unduna woyenera katunduyo asanakwezedwe m'sitima, kuti zidziwike ngati lamulo likulola kumuchotsera msonkho. Chimodzimodzinso mankhwala, mbewu ndi ziweto zimafuna zilolezo zapadera, ndipo katundu wina amayamba waunikidwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Ofuna galimoto logwiritsidwa kale ntchito adziwe kuti zaka za galimotolo ndi kukula kwa injini yake zimasintha msonkho, kotero kuti lotchipa ku Japan likhoza kukhala lodula pa Songwe.

Tsono pali yesero limene tiyenera kulitchula mosabisa. Alipo ena amene amanong'oneza ogula kuti alembe risiti yabodza ya mtengo wotsika, kapena kuti adutsitse katundu m'njira zachidule, kapenanso kuti apereke kangachepe kwa wogwira ntchito pa chipata. Lamulo la Customs and Excise limapereka mphamvu yolanda katundu wotere ndi kulipitsa chindapusa, pamene lamulo lothana ndi ziphuphu la m'chaka cha 1995 limalanga wopereka ndi wolandira yemwe. Kwa mphunzitsi kapena wogwira ntchito m'Boma, chotayika si katundu yekha ayi, komanso ntchito ndi ulemu umene wausunga zaka zambiri. Mwana wa sukulu amene wamva kuti aphunzitsi ake agwidwa pa chipata sadzamveranso phunziro lawo la kukhulupirika.

Pempho lathu kwa awerengi n'losavuta. Musanatumize ndalama kunja, pitani ku ofesi ya MRA imene muli nayo pafupi mukafunse nambala ya katundu wanu ndi misonkho yake. Sungani risiti yeniyeni, umboni wa ku banki ndi zikalata za ulendo wa katunduyo. Gwiritsani ntchito wothandiza kutulutsa katundu amene ali ndi chiphaso cha MRA, ndipo pa ndalama iliyonse imene mwalipira itanitsani risiti ya Boma. Ogwira ntchito pa zipata nawonso tikuwapempha kuti azifotokozera anthu moleza mtima ndi mwaulemu, pakuti nzika imene yamvetsa chifukwa cha msonkho imalipira mosanyinyirika. Walira mvula walira matope: amene wafuna katundu wakunja akonzekeretu za pa chipata.