Anatulukira fulashi, phindu anakolola ena

Pafupifupi pamsika uliwonse masiku ano pali anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi ndi m'mafulashi. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti nzeru yosungira nyimbozo inachokera kwa injiniya wa ku Japan, a Fujio Masuoka, amene anachita kupita kukhoti kuti alandireko kenakake pa thukuta lawo.

A Masuoka anabadwa m'chaka cha 1943. Atamaliza maphunziro pa yunivesite ya Tohoku, analowa ntchito kukampani ya Toshiba mu 1971. Nthawi imeneyo makampani ankalimbirana msika wa memori ya mtundu wa DRAM, yomwe imaiwala zonse magetsi akangothima. Mkuluyu ankafuna memori yotsika mtengo yosunga zinthu ngakhale popanda magetsi.

Nzeru yawo inali ya tizipinda ting'onoting'ono totsekera mphamvu ya magetsi mkati, tomwe timafufutidwa tambirimbiri nthawi imodzi. Mnzawo wapantchito, a Shoji Ariizumi, anati kufufutako kukufanana ndi kung'anima kwa kamera pojambula. Apa ndi pomwe panachokera dzina loti fulashi.

Mu 1984 a Masuoka anakafotokoza za luso latsopanoli pamsonkhano wa akatswiri ku San Francisco m'dziko la America. Amene anachita changu ndi kampani ya kumeneko ya Intel, yomwe inayamba kugulitsa fulashi yake mu 1988. Koma a Masuoka sanagwe mphwayi. Mu 1987 anali atatulukira kale mtundu wina wotchedwa NAND, womwe lero uli m'mafoni, m'mamemori khadi ndi m'makompyuta.

Kuntchito zinthu sizinawayendere. Iwo anadandaula kuti mphotho yomwe analandira inali yochepa kwambiri, komanso kuti anapatsidwa udindo wopanda anthu owayang'anira, zomwe kwa munthu wofufuza kuli ngati kumumanga manja. Mu 1994 anasiya ntchito n'kukayamba kuphunzitsa ku Tohoku.

Patatha zaka khumi, mu 2004, anasumira Toshiba kufuna ndalama za ku Japan zokwana mayeni 1 biliyoni. Mbali ziwirizi zinagwirizana mu 2006, ndipo a Masuoka analandira mayeni 87 miliyoni, osafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi a zomwe ankafuna.

Mavuto a kampaniyi nayo anali m'njira. Mu 2015 zinaululika kuti kwa zaka zingapo inkalengeza phindu loposa lomwe inkapeza. Mu Malichi 2017, Westinghouse, kampani yake ya ku America yomanga malo opangira magetsi a nyukiliya, inagwa ndi ngongole, ndipo Toshiba inatsala pang'ono kumira nayo limodzi.

Chomwe chinaipulumutsa ndi fulashi yomwe ija. Mu 2018 Toshiba inagulitsa nthambi yake yopanga memori kwa gulu la makampani lotsogozedwa ndi Bain Capital pamtengo wa mayeni pafupifupi 2 thiriliyoni, n'kutsala ndi masheya pafupifupi 40 pa 100 alionse. Ndalama za a Masuoka zija zinali kadontho chabe poyerekeza ndi mtengo umenewu.

Nthambiyo inasintha dzina mu 2019 n'kukhala Kioxia, ndipo fakitale yake yaikulu ili mumzinda wa Yokkaichi. Toshiba inapulumuka, koma itachepa mphamvu: mu Disembala 2023 inachoka pamsika wa masheya wa Tokyo pomwe inakhala zaka 74. Patangotha chaka chimodzi, mu Disembala 2024, Kioxia, yomwe inaphuka kuchokera ku nzeru za a Masuoka, ndiyo inalowa pamsikawo.