Wotchuka Koposa Onse Padziko Ndani?

Pa misika ya m'malire, monga pa Calómuè ndi pa Zóbuè, pali mkangano wina umene sukalamba. Umayamba pamene wogulitsa nyimbo wakweza wayilesi yake, kapena pamene mnyamata wadutsa atavala malaya okhala ndi nkhope ya munthu wa kutsidya la nyanja. Wina amangofunsa kuti mwa oyimba, osewera mpira, ankhonya ndi a m'kanema onse amene dziko lidawaona, wamkulu ndani. Pompo bawo imaima. Achikulire amatchula Pelé ndi Muhammad Ali, amene adakula m'zaka za nkhondo amatchula Bob Marley ndi Michael Jackson, ndipo ana a lero amaseka onsewo n'kutchula Cristiano Ronaldo.

Mkanganowu sutha chifukwa aliyense amabwera ndi muyeso wake, monga anthu ogula chimanga wina ndi chitini, wina ndi mbale, wina ndi sikelo. Lero tati tiyale miyesoyo pa mphasa, kuti inu awerengi muone nokha umene uli wachilungamo. Nkhaniyi si yocheza chabe ayi, pakuti munthu amene mudzi wamutcha wamkulu ndi amene ana athu amatengera kavalidwe, kayendedwe ndi makhalidwe ake.

Muyeso woyamba: zimbale zogulitsidwa

Tikayesa ndi malonda, Michael Jackson ndiye ali patsogolo. Iye adabadwa mu 1958 mu mzinda wa Gary ku America, m'banja losauka la ana ambiri, ndipo bambo ake ankagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo. Adayamba kuyimba ali mwana pamodzi ndi azikulu ake m'gulu la Jackson 5. Chimbale chake chotchedwa Thriller, chimene chidatuluka mu 1982, chimawerengedwa kuti ndicho chidagulidwa koposa zimbale zonse, makope ngati mamiliyoni 70. Mu 1984 adalandira mphotho zisanu ndi zitatu za Grammy usiku umodzi.

Pafupi naye pali Elvis Presley, mzungu wa ku America amene adamwalira mu 1977, ndi anyamata anayi a ku Liverpool otchedwa The Beatles, amene gulu lawo lidatha mu 1970. Pamene anyamatawa adaonekera pa wayilesi ya kanema ku America mu 1964, anthu pafupifupi mamiliyoni 73 adawaonera nthawi imodzi.

Koma pano tifunse: wowerenga manambalawa ndani? Amawerengedwa ndi makampani a ku America ndi ku Ulaya, potsata malisiti a m'masitolo awo. Inu amene mudathawira ku Malawi m'zaka za nkhondo, pamene anthu a dziko lino oposa miliyoni imodzi adali kumeneko, mukukumbukira mmene nyimbo zinkayendera. Kaseti imodzi inkajambulidwa kuchokera ku inzake, n'kubwerekedwa mudzi wonse, ndipo tepi ikaduka ankailumikiza n'kuikulunga ndi cholembera. Mtendere utabwera mu 1992, makaseti amenewo adabwerera nafe kwathu m'mitolo ya katundu. Palibe imodzi mwa iwo imene idalowa m'mabuku a ku New York. Choncho muyeso wa malonda umangotiuza za anthu amene adali ndi ndalama ndi sitolo pafupi. Makutu a anthu a ku Africa kuno sudawawerenge.

Muyeso wachiwiri: dzina lidafika pati?

Muyeso wina ndi wakuti: kodi dzina la munthuyo lidafika kumudzi kopanda magetsi? Apa Elvis amagwa msanga. Ngakhale adali mfumu ya nyimbo kwawo, sadayimbepo pa bwalo lililonse kunja kwa America ndi Canada. Mukafunsa agogo a ku Tsangano kapena ku Macanga za iye, ambiri angopukusa mutu.

Amene amapambana pa muyeso uwu ndi aja amene ntchito yawo sidafune womasulira. Bruce Lee, katswiri wa makofi ndi mateche wa ku Hong Kong, adamwalira mu 1973 ali ndi zaka 32 zokha, koma patapita zaka makumi awiri ana adali kudzazabe m'tinyumba ta vidiyo toyendera jenereta kuti amuone, n'kutuluka akukankhana mateche pa msewu. Pelé wa ku Brasil adatenga chikho cha mpira cha dziko lonse katatu, mu 1958, 1962 ndi 1970, ndipo ulendo woyambawo adali ndi zaka 17. Anthu ambiri kuno sadamuone akusewera, adangomumva pa wayilesi, komabe mwana aliyense wodziwa kuthyola anzake pa mpira wachikulunga ankatchedwa Pelé.

Ndipo ife a ku Moçambique tili ndi wathu pa mndandandawu. Eusébio adabadwa mu 1942 ku Mafalala, mu mzinda umene panthawiyo unkatchedwa Lourenço Marques. Adatenga chikho cha ku Ulaya ndi timu ya Benfica mu 1962, adasankhidwa kukhala wosewera woposa onse ku Ulaya mu 1965, ndipo pa chikho cha dziko lonse cha 1966 ku England adamwetsa zigoli zisanu ndi zinayi, kuposa wina aliyense. Pa masewero olimbana ndi North Korea, timu yake idali itagonja kale ndi zigoli zitatu kwa duu, iye n'kumwetsa zinayi yekha, masewero n'kutha 5 kwa 3. Chowawa n'chakuti zonsezi adachita atavala malaya a Portugal, popeza dziko lathu lidali m'manja mwa atsamunda. Adamwalira mu 2014, ndipo mafupa ake ali ku Lisboa, m'nyumba imene Apwitikizi amasungiramo ngwazi zawo. Nkhani ya Eusébio imatiphunzitsa kuti ulemerero wa munthu wotchuka nthawi zina umakololedwa ndi amene sadalime.

Muyeso wachitatu: adataya chiyani chifukwa cha anzake?

Akuluakulu ena amati kutchuka kokha si ukulu, pakuti ngakhale mbava yoopsa imatchuka. Iwo amafunsa kuti munthuyo adachita nalo chiyani dzina lakelo pamene anthu ake adali pa mavuto.

Muhammad Ali adali katswiri wa nkhonya wa dziko lonse pamene boma la America lidamuitana kuti akamenye nkhondo ku Vietnam mu 1967. Iye adakana. Adamulanda lamba wake ndi kumuletsa nkhonya kwa zaka zoposa zitatu, pa msinkhu umene thupi la wankhonya limakhala pa mphamvu zake zonse. Bwalo lalikulu la milandu lidamuyeretsa mu 1971, ndipo pa 30 Okutobala 1974, ku Kinshasa, adagwetsa George Foreman mu chigawo chachisanu ndi chitatu n'kutenganso lambayo pa nthaka ya Africa.

Mayi Miriam Makeba a ku South Africa adalipira mtengo woposa pamenepo. Mu 1960 boma la tsankho lidawakaniza kubwerera kwawo, mwakuti ngakhale maliro a mayi awo owabereka sadaike nawo. Mu 1963 adakaima pamaso pa bungwe la United Nations n'kuulula nkhanza za boma limenelo. Adakhala kunja zaka makumi atatu, ndipo adapondanso kwawo mu 1990. Amuna okangana pa msika kawirikawiri amaiwala kutchula akazi, koma pa muyeso uwu ndi ochepa amene angaime pafupi ndi mayiwa.

Michael Jackson nayenso ali ndi gawo lake pano. Mu 1985 iye ndi Lionel Richie adapeka nyimbo imene oyimba ambiri a ku America adayimbira pamodzi, ndipo ndalama zake zidathandiza anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia ndi maiko ena a mu Africa.

Nanga Bob Marley? Iye adabadwa mu 1945 m'mudzi wa Nine Mile ku Jamaica, chilumba cha anthu osakwana mamiliyoni atatu, chiwerengero chosasiyana kwambiri ndi cha chigawo chathu cha Tete pa kalembera wa 2017. Adakulira m'makomboni a Trench Town mu mzinda wa Kingston. Mu Disembala 1976, ndale zitavuta kwawo, anthu a mfuti adamuthira zipolopolo m'nyumba mwake, koma patangopita masiku awiri adakwera pa nsanja ndi mabala ake n'kuyimba. Mu 1978 adaitana atsogoleri awiri odana, Michael Manley ndi Edward Seaga, n'kuwagwiranitsa manja pamaso pa khamu la anthu.

Chimene chimamuyandikiza kwa ife ndi cha mu Epulo 1980. Zimbabwe polandira ufulu wake, Marley adabwera kudzayimba pa bwalo la Rufaro, ndipo ndalama za ulendo ndi zonyamulira zida adalipira yekha. Usiku umenewo anthu amene adatsekeredwa kunja adakankha zipata, apolisi n'kuponya utsi wokhetsa misozi, ndipo mawa lake iye adayimbanso kuti anthu wamba amuone. Anthu a ku Tete akudziwa mtengo wa ufulu umenewo, pakuti asilikali omenyera ufulu wa Zimbabwe ankadutsa m'chigawo chino, ndipo mabomba a Ian Smith adagwa pa nthaka ya Moçambique.

Chikomekome cha mkuyu

Tisanasankhe, tiyang'anenso mkati mwa mkuyuwo, pakuti akulu adati umakoma kunja pamene mkati muli nyerere. Elvis adafa ali ndi zaka 42, thupi litafooka ndi mankhwala. Michael Jackson adanenezedwa mu 1993 kuti ankachita zosayenera ndi ana. Mu 2005 adazengedwa mlandu wotere ndipo khoti lidamupeza wosalakwa pa mfundo zonse, koma manong'onong'o sadathe mpaka lero. Adamwalira mu 2009 ali ndi zaka 50 chifukwa cha mankhwala amphamvu ogonetsa, ndipo dokotala amene adamupatsa adamangidwa mu 2011. Ali adakhala zaka zambiri akunjenjemera ndi nthenda ya Parkinson mpaka imfa yake mu 2016. Marley adafa ndi khansa mu 1981 ali ndi zaka 36. Lucky Dube, amene nyimbo zake zidamveka m'basi iliyonse ya kuno, adaphedwa ndi achifwamba ofuna galimoto yake ku Johannesburg mu 2007. Ndithudi ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Makolo ambiri alinso ndi dandaulo pa Marley, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Iye ankasuta chamba poyera monga mbali ya chipembedzo chake cha Chirasta, ndipo anyamata ena kuno adatola chambacho ndi tsitsi lopota n'kusiya zina zonse. Chamba, chimene ena amati suruma, ndi choletsedwa ndi malamulo a dziko lino, ndipo chapengetsa ana a anthu. Wotengera munthu wotchuka ayenera kupeta ngati mayi wa lichero: maso a chimanga atsale, madeya auluke.

Nanga a lero?

Achinyamata ali ndi manambala awo, ndipo ndi aakulu zedi. Mu 2024 Cristiano Ronaldo adakwanitsa omutsatira biliyoni imodzi pa masamba ake onse a pa intaneti. Lionel Messi adatenga chikho cha dziko lonse mu 2022 ndipo adasankhidwa kasanu ndi katatu kukhala wosewera woposa onse. Woyimba wamkazi wa ku America, Taylor Swift, adagulitsa matikiti a madola oposa mabiliyoni awiri pa ulendo umodzi woyimba m'maiko osiyanasiyana mu 2023 ndi 2024. Palibe wakale amene adaonapo zotere.

Koma a lerowa ali ndi foni m'thumba la munthu aliyense yowanyamulira dzina, pamene akale aja dzina lawo lidayenda pa njinga ndi pakamwa. Ndiponso pali muyeso wachinayi umene iwo sadaupyole: kodi munthuyo akadzaikidwa m'manda, n'kupita zaka makumi anayi, ana osamuona adzamudziwa? Funso limeneli liyankhidwa ndi adzukulu athu.

Tsono wamkulu ndani?

Tikaphatikiza miyeso yonse inayi, ife tikuona kuti Bob Marley ndiye salephera pa uliwonse. Pa malonda Michael Jackson amamuposa, ngakhale zimbale za Marley zidagulidwanso mamiliyoni ambiri. Pa kulimba mtima Ali ndi Mayi Makeba amalingana naye kapena kumuposa. Koma iye adachokera m'mudzi wa pa chilumba chaching'ono chosauka, dzina lake lidafika kumene kulibe magetsi, adaika moyo wake pachiswe chifukwa cha mtendere, ndipo patapita zaka zoposa makumi anayi chimwalirire nkhope yake ikadali pa malaya, pa mabasi ndi pa makoma a mabaraka. Mu 2018 bungwe la UNESCO lidaika nyimbo za reggae pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Pa mndandanda womwewo pali Gule Wamkulu wa Achewa a ku Moçambique, Malawi ndi Zambia, amene bungwelo lidamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi timbila ya Achopi a ku Inhambane. Ovina gule ameneyu palibe amene amatchulidwa dzina, ndipo palibe chimbale chimene adagulitsa, komabe wapyola mibadwo yambiri kuposa woyimba aliyense amene tamutchula pano.

Tikudziwa kuti okonda mpira sagwirizana nafe, ndipo amene adang'amba nsapato pophunzira kuyenda chobwerera m'mbuyo ngati Michael Jackson akwiya. Bwerani nazo mfundo zanu pa msika ukubwerawu. Chimene tikupempha n'chimodzi: musanatchule dzina, yambani mwanena muyeso umene mwabwera nawo.