Kudzutsa kagalimoto kakufa: masamu ndi sayansi ya 1:43

Galimoto ya waya sivuta matayala. Timangotola zitsekerero za mabotolo kapena kudula patapata wakale, bola iziyenda. Koma mukafuna kuti kagalimoto kaoneke ngati galimoto yeniyeni imene yangofinyidwa, pali lamulo limodzi losaphwanyika: chiwalo chilichonse chichepetsedwe ndi nambala imodzimodzi. Nambala imeneyo ndiyo sikelo. Sindikunena sikelo yoyezera nyemba ija ayi, ndikunena ya pa mapu a Geography, pomwe pamalembedwa 1:50,000, kutanthauza kuti masentimita 2 pa pepala ndi kilomita imodzi pansi. Ambiri timaiona ngati nkhani ya mayeso basi. Ine ndikufuna ndikuonetseni momwe imagwirira ntchito m'manja, pa kachidole kothyoka.

Kachidoleko ndinakapeza pa Chimbiya, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Lilongwe, pa mulu wa zidole za kaunjika. Kanali ka Land Rover ka asilikali, kobiriwira, kolemera m'dzanja. Matayala awiri panalibe, denga la kumbuyo linali litathyoka, ndipo timawaya togwira matayala tinali titachita dzimbiri. Kunsi kwake kunkaoneka mawu akuti Made in England. Amayi ogulitsawo anandiyang'ana nati, "Achimwene, kameneko n'kakufa, bwanji osatenga kapulasitiki aka?" Ndinawayankha kuti, "Ayi mayi, ndikufuna kakufa komweka." Cholinga changa chinali kukasandutsa ambulansi ya kumudzi, chifukwa ma Land Rover otere agwira ntchito nthawi yaitali kuno kwathu, kwa asilikali, apolisi ndiponso m'zipatala.

Choyamba ndi rula, osati penti

Musanadule kapena kumata chilichonse, muyenera kudziwa sikelo ya chidole chanu. Njira yake ndi kuyeza chiwalo chimodzi pa chidole n'kuchiyerekeza ndi chiwalo chomwecho pa galimoto yeniyeni.

Land Rover imatithandiza chifukwa mitundu yake yakale inkatchulidwa ndi nambala, 88 ndi 109. Nambalazi ndi mainchesi a mtunda wochokera pakati pa tayala la kutsogolo kufika pakati pa tayala la kumbuyo. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndiye 109 ndi mamilimita 2,769 pomwe 88 ndi mamilimita 2,235. Pa kachidole kanga mtunda umenewu unali mamilimita 64.

Tiyeni tigawe. 2,769 kugawa ndi 64 tikupeza 43. Koma 2,235 kugawa ndi 64 tikupeza 35. Apa ndiye pali vuto, chifukwa 1:43 ndi 1:35 onse ndi masikelo enieni omwe opanga zifaniziro za galimoto amagwiritsa ntchito. Nanga tidziwa bwanji? Tiyezenso china. Mulifupi mwa Land Rover ya nthawi imeneyo munali pafupifupi mamilimita 1,680, ndipo kachidole kanga kanali mamilimita 39. Kugawa kwake kukutipatsa 43. Kakanakhala ka 1:35, mulifupi mwake mukanakhala mamilimita 48. Choncho ndi 109, pa sikelo ya 1:43. Muyezo umodzi ukhoza kukunamizani, koma iwiri ikagwirizana mwapeza yankho. Ku labu n'chimodzimodzi.

Tsopano ntchito yonse yasanduka yogawa ndi 43. Tayala la galimoto iyi ndi pafupifupi mamilimita 800 kudutsa pakati, ndiye langa liyenera kukhala pafupifupi mamilimita 19. Chitsekerero cha botolo chija ndi pafupifupi mamilimita 30. Chulukitsani ndi 43, mupeza mita imodzi ndi masentimita 29. Limenelo ndi tayala la thirakitala! N'chifukwa chake maso amakana, ngakhale munthu sanagwire rula. Munthu wa msinkhu wa mamita 1.7 amakhala mamilimita 40, choncho chipinda cha kumbuyo kwa ambulansi yanga chinayenera kukwana wodwala wa mamilimita 40 atagona.

Kodi n'chitsulo chanji chimenechi?

Tengani maginito, ngakhale a mu sipika yakufa ya wailesi. Pa timawaya ta matayala anamata nga. Pa thupi la kagalimoto sanamate. Ndiye kuti thupilo si ayironi. Zidole zotere zinkapangidwa ndi chitsulo chosakaniza chotchedwa zamak, ku Britain amati mazak. Gawo lalikulu ndi zinki, pafupifupi 4 pa 100 ndi aluminiyamu, kuphatikizapo magineziyamu pang'ono, mwinanso kopa. Chimasungunuka pa madigiri osafika 400, pomwe ayironi amafuna kupitirira 1,500. Amachisungunula n'kuchikankhira mwamphamvu m'chikombole chachitsulo, ndipo chimatuluka ndi tizitseko ndi timizere tonse. Umu ndi momwe kampani ya Meccano ku Liverpool inkapangira zidole za Dinky Toys kuyambira 1934 mpaka 1979, ndiponso Lesney ku London inkapangira za Matchbox kuyambira 1953.

Kudziwa zimenezi kumakupulumutsani ku zinthu ziwiri. Choyamba, musapite nako kwa owotcherera. Moto wawo umasungunula zamak nthawi yomweyo, komanso utsi wa zinki umadwalitsa. Chachiwiri, musakawongole ndi hamala, chifukwa zamak sapindika ngati waya, amangothyoka.

Palinso matenda a chitsulochi otchedwa zinc pest, omwe amagwira makamaka zidole zakale kwambiri. Ngati popanga munalowa mtovu wochuluka kuposa muyezo, chinyezi chimadya chitsulo kuchokera mkati, chidole n'kufufuma, kung'aluka timing'alu tambirimbiri, mapeto ake kunyenyeka. Mankhwala ake palibe. Musanagule, yang'anitsitsani pa dzuwa. Kanga kanali kothyoka koma kopanda ming'alu yotereyi.

Viniga: bwenzi la waya, mdani wa thupi

Dzimbiri limabwera ayironi akakumana ndi okosijeni ndi madzi. Viniga wa m'golosale ali ndi asidi wofooka, pafupifupi 5 pa 100, amene amasungunula dzimbiri mukaviika usiku umodzi. Koma osaponyamo chidole chonse. Kumbukirani reactivity series ya ku Chemistry: zinki ali pamwamba pa ayironi, kutanthauza kuti asidi amamudya msanga. Mukaviika thupi la zamak mu viniga mudzaona tithovu ting'onoting'ono. Umenewo ndi mpweya wa haidrojeni, ndipo chomwe chikudyedwacho ndi kagalimoto kanu. Khalidwe lomweli la zinki ndi lomwe limateteza malata a denga la kwanu. Malata ndi ayironi wokutidwa ndi zinki, ndipo pakakalika, zinki ndiye amayamba kudyedwa, ayironi n'kutsala.

Choncho ndinachotsa timawaya n'kutiviika patokha, kenako kutitsuka m'madzi a soda wophikira therere uja kuti asidi wotsala athe mphamvu, n'kutiumitsa bwinobwino. Kamodzi kanali katadyeka kwambiri moti ndinakasintha ndi chidutswa cha sipoko ya njinga chomwe bambo wina wokonza njinga anandidulira.

Penti wakale si woseweretsa

Apa ndiye mumvetsere, anzanga. Mapenti ambiri akale ankasakanizidwa ndi mtovu, ndipo ndi maso simungadziwe kuti uyu ali nawo kapena ayi. Bungwe la zaumoyo la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Umaononga ubongo, makamaka wa ana aang'ono, ndipo zomwe waononga sizibwerera. Njira yake yolowera ndi fumbi lomwe timapuma kapena kumeza.

Ndiye popala penti, nyowetsani sandipepa ndi madzi kuti fumbi lisauluke. Gwirani ntchito panja, kutali ndi pophikira ndi podyera. Madzi akudawo musawataye pa dimba kapena pomwe nkhuku zimamwa. Musawauze penti pa moto. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima. Ndipo chidole chakale chachitsulo, chokonzedwa kapena ayi, musam'patse mng'ono wanu yemwe akadali pa msinkhu woika zinthu m'kamwa.

Kumanga zomwe palibe

Matayala ndinadula ku patapata wakuda. Ndinajambula mabwalo a mamilimita 19 ndi kampasi ya mu mathematical set, kudula ndi lezala, n'kusalaza m'mbali. Ndinapanga onse anayi, kuphatikizapo lachisanu losinthira, chifukwa awiri akale ndi awiri atsopano sakanafanana.

Chipinda cha wodwala ndinapangira chitini cha aluminiyamu cha zakumwa. Chitinichi n'chopyapyala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo chimadulika ndi sizasi. Ndinayamba ndajambula pa pepala la graph, kupinda pepalalo kuti ndione ngati likukhala bwino, kenako n'kukopera pa chitini. Samalani zala, m'mphepete mwake n'mwakuthwa. Apa panandisangalatsa chinthu chimodzi: thupi la Land Rover yeniyeni nalonso ndi la aluminiyamu. Galimotoyi inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu 1948, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, pomwe chitsulo cha steel chinkasowa ku Britain.

Pothyoka ndinatseka ndi super glue ndi soda. Mumathira kasoda m'mng'alu, n'kudonthezapo guluu, ndipo m'masekondi ochepa zimauma gwa, moti mukhoza kupala. Zimatentha pouma ndipo mpweya wake umawawa m'maso, choncho musaweramirepo. Musadonthezenso guluuyu pa nsalu ya thonje, amatentha kwambiri mpaka kupsereza khungu.

Penti nayenso amamvera sikelo. Mukapaka wochindikala theka la milimita, pa galimoto yeniyeni ndiye kuti mwamata masentimita awiri, ngati pulasitala wa khoma. Timizere ta zitseko timakwiririka. Yambani ndi penti woyalira uja amati primer, chifukwa penti wamba sagwira bwino pa zinki, kenako pakani wopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira kuti aume. Inu a ku Dedza mukudziwa nkhungu ya mu June ndi July. Kukazizira ndi chinyezi penti amachedwa kuuma ndipo amatha kuchita mbuu, choncho pakani masana dzuwa litakwera.

Funso lomwe limagwetsa ambiri

Land Rover 109 yopanda katundu imalemera pafupifupi makilogalamu 1,500. Kodi chifaniziro cha 1:43 chiyenera kulemera bwanji? Ambiri amathamangira kugawa ndi 43, n'kupeza makilogalamu 35. Tangoganizani, kagalimoto kokwana m'dzanja kolemera kuposa ndowa ya madzi ya malita 20!

Cholakwika n'chakuti galimoto yachepa mbali zitatu: mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Utali umagawidwa ndi 43. Area imagawidwa ndi 43 kuchulukitsa ndi 43, yomwe ndi 1,849. Volume, pamodzi ndi kulemera, imagawidwa ndi 43 katatu, yomwe ndi 79,507. Ndiye magalamu 1,500,000 kugawa ndi 79,507 tikupeza magalamu 19 okha. Chigubu cha petulo cha asilikali cha malita 20, chomwe pa sikeloyi ndi kabokosi ka mamilimita 11, 8 ndi 4, chingalowe madontho asanu basi.

Koma nditayeza kanga pa sikelo ya ku labu, kanalemera magalamu 120, kuposa kasanu ndi kamodzi. Masamu anama? Ayi. Lata la galimoto yeniyeni ndi lochindikala milimita imodzi ndi pang'ono. Kugawa ndi 43 kukutipatsa pafupifupi mamilimita 0.03, kupyapyala kuposa tsitsi la munthu. Chidole chotere chingaphwanyike pongochigwira. Opanga anachindikalitsa makoma kufika milimita imodzi kapena kuposa, zomwe pa galimoto yeniyeni ndi chitsulo cha masentimita anayi. Onjezani kuti zamak amalemera kuposa aluminiyamu kawiri ndi theka, mwapeza komwe kwachokera magalamu enawo. Chifaniziro chilichonse chimatsata sikelo pena, n'kuisiya dala pena, ndipo wopanga wanzeru amadziwa pomwe waisiya ndi chifukwa chake. Pa mapu a dziko lonse la Malawi n'chimodzimodzi: mzere wa M1 amaukulitsa dala kuti uoneke.

Musanayambe yanu

Chidole chakale chomwe chili bwinobwino, ndi penti wake woyamba, musachipale. Kunja kuli anthu osonkhanitsa zidole zotere, ndipo kupentanso kumagwetsa mtengo wake. Zosintha ndi zakufa zokhazokha.

Ngati simunapeze chidole, waya alipo. Pemphani wa kabaza kapena dalaivala wa minibasi yoima pa siteji, mwaulemu, kuti muyeze mtunda wa pakati pa matayala, mulifupi, msinkhu ndi kukula kwa tayala. Sankhani 1:10 chifukwa kugawa kwake n'kosavuta, lembani miyezo yonse m'kope musanapinde waya ngakhale mmodzi, ndipo mupeze chopangira matayala chomwe chikugwirizana ndi nambala zanu. Mukatha, yankhani ili: ngati thanki ya minibasi imalowa malita 70, ya chifaniziro chanu cha 1:10 ingalowe mamililita angati? Amene wapeza 7,000 abwerere pa nkhani ya mbali zitatu ija.