Nyenyezi Ziwiri, Maliro Awiri

Munthu akakhala pabwalo usiku wa m'chilimwe, mwezi utalowa, nakweza maso kuthambo, amayesa kuti nyenyezi iliyonse ili payokha monga dzuwa lathu. Koma akatswiri a zakuthambo anapeza kuti nyenyezi zikuluzikulu zambiri zimabadwa ziwiriziwiri, zikuzungulirana, ndipo ubale umenewu ndiwo umalamula za moyo wawo ndi imfa yawo yomwe.

Pa ziwirizo, yolemera koposa ndiyo imayamba kukalamba, pakuti moto waukulu suchedwa kutha nkhuni. Ikamakalamba imatupa, ndipo inzake, poti ili pafupi, imayamba kuyamwa mpweya wotentha wa yokalambayo, ngati mwana wodya chuma cha masiye mwiniwake akali moyo. Ngati nyenyeziyo inabadwa yolemera kuposa dzuwa kasanu n'katatu kapena kupitirirapo, m'kati mwake mumaunjikana chitsulo, chimene sichingathe kukoleza moto; ndipo chitsulocho chikachuluka, kulemera kwake n'kuyandikira dzuwa limodzi ndi theka, chimaphwanyika chokha sekondi imodzi isanathe. Zakunja zimamwazika m'kuphulika kotchedwa supernova, ndipo chotsalacho kawirikawiri chimakhala nyenyezi ya neutron, imene Walter Baade ndi Fritz Zwicky anaineneratu mu 1934, munthu asanaione.

Kukula kwake n'kochititsa kaso. M'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 20 okha, mtunda woti wanjinga angauthe dzuwa lisanafike paliwombo, komatu kasupuni kamodzi ka tiyi kodzala ndi zam'kati mwake kangalemere kuposa matani biliyoni imodzi.

Nanga inzake ija? Kawirikawiri ukwati umathera pamaliro pomwepo, chifukwa kuphulikako kukataya zoposa theka la kulemera kwa ziwirizo, kapena kukakankha yotsalayo mwamphamvu, chingwe chosaoneka chimene chinazimanga chimaduka, iliyonse n'kulowera kwake. Zimene zapirira n'zochepa, ndipo izi ndizo zimanditenga mtima. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: yachiwiri nayo imakalamba n'kutupa mpaka kukuta nyenyezi ya neutron ija, imene poyenda m'mpweyawo imanka niyandikira; ndipo yachiwiriyo ikaphulika osailekanitsa ndi inzake, pamatsala nyenyezi ziwiri za neutron zoyandikana zedi.

Banja loyamba lotere linapezedwa ndi Russell Hulse ndi Joseph Taylor mu 1974, pa makina omvera mafunde a wailesi a ku Arecibo, m'dziko la Puerto Rico. Nyenyezizo zimazungulirana kamodzi pa maola osakwana asanu ndi atatu, ndipo chaka ndi chaka zikuyandikirana pa mlingo womwewo umene chiphunzitso cha Albert Einstein chinalosera. Chifukwa cha ichi awiriwo analandira mphoto ya Nobel mu 1993. Nyenyezizo zidzagundana patapita zaka pafupifupi 300 miliyoni.

Kugundana kotere kunamveka kale kwina. Pa 17 Ogasiti 2017, makina a LIGO ku America, mothandizana ndi Virgo ku Italy, anajambula mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku nyenyezi ziwiri za neutron zimene zinawombana mu mlalang'amba wa NGC 4993, ndipo kuwala kumene kunatsatira kunasonyeza kuti m'ng'anjo imeneyo munasulidwa zitsulo zolemera. Akatswiri ambiri tsopano akukhulupirira kuti gawo lina la golide wa padziko pano, ngakhale wa mphete yaukwati ili pachala chanuyo, linachokera m'kugundana kwa mtundu umenewu, dzuwa lathu lisanabadwe.